Mtsuko M'galimoto ya Amalume

Sipikala ija inali yakuda, yozungulira, kukula kwake ngati chivundikiro cha ndowa. Inkakhala kuseri kwa mpando wakumbuyo, pakathabwa kaja ka pansi pa galasi, nkhope itayang'ana kumwamba, matako ali lende m'buti. Kumatakoko kunali chimaginito chomwe chinakwatula msomali m'manja mwanga tsiku loyamba kuchiyandikira, ndipo ndinakana kuti si mankhwala mpaka amalume atalumbira. Iwo ankati palibe munthu anachita kuiikamo sipikalayo. Galimoto inabadwa nayo kufakitale, monga mwana wa mbuzi amabadwa ndi makutu ake.

Inu ana a masiku ano mumati wufa, ndipo mumangogula pa Mponela ngati tomato. Mukandiona ndi imvizi ndikukoka mwendo kumsika mumayesa ndinabadwa ndikununkha fodya. Pepani, inenso ndinavutikapo ndi bezi, mawu aakulu ogunda aja a m'nyimbo, inu musanaganiziridwe n'komwe, ndipo ndinavutika nayo chilimwe chathunthu. Sukulu ndinalekezera sitandade faifi, kalasi yomwe ndinaikonda kwambiri mpaka kuibwereza, choncho mukapeza chilembo chagona chammbali muchidzutse nokha, ine musandiitane.

Inali nthawi ija matipate atangolowa kumene, sukulu itasanduka yaulere, anyamata oyamba ndevu tikukhala pansi pa mtengo limodzi ndi tiana tamamina. Kwathu ndi kumapiri kuno, kumene Dowa amapatsana moni ndi Ntchisi. Pakhomo tinalipo awiri, ine ndi amayi. Abambo anapita kuesiteti ku Kasungu ndili wamng'ono, ndipo zikuoneka kuti fodya wakumeneko sanathe kuthyola mpaka lero. Nyumba yathu inali kumapeto kwa mudzi, ndipo anthu ankaonetsetsa kuti tisaiwale zimenezo. Chifukwa chake anali amalume, mlongo wawo wa amayi, omwe anathawa ine ndisanabadwe. Akuti ananena pamowa kuti khadi la chipani silikhutitsa mwana. M'mawa mwake kunabwera anyamata odzawafuna, iwo n'kudumpha malire cha ku Mchinji. Kuyambira pamenepo ife tinali mbumba ya chigawenga. Azimayi a m'mudzi ankabwera kwathu kudzapala moto basi, osakhala pansi. Ine anzanga ankandilola kusewera nawo mpira wachikulunga pokhapokha ndikhale goloboyi, poti goloboyi amaima yekha.

Ndiye tsiku lina, fodya atapita kale kumsika, mwera ukuomba wouma uja wong'amba milomo, tinamva injini ikubuula pachitunda. Inatulukira galimoto yaitali, yotuwa, yokalamba mwaulemu, yomwe kale inali ya bwana wina wa kumigodi. Munatuluka munthu wamtali, woonda, chipewa chili m'manja. Amayi anali akupeta. Lichero linagwa, nkhuku zinachita phwando. Sanathamangire mlongo wawoyo ayi. Anangokhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira maliro a agogo onse awiri, omwe anamwalira mwana wawo ali kunja, osadzaponyako ngakhale kadothi.

Galimoto tinailowetsa m'chigafa, momwe munali mutatsala mikangala yokhayokha yopachikapo fodya ndi fungo lake. Amalume nawonso anayala mphasa yawo momwemo, pambali pa tayala, poti munthu wamkulu sagona nyumba imodzi ndi mlongo wake. Munda wawo unali utagawidwa kale kwa achibale. Akafunsa, yankho linali lakuti tikambirana, ndipo inu mukudziwa kuti tikambirana ndi mbewu yomwe simera. Anthu ankabwera ndithu, koma ankabwerera galimoto. Ankaizungulira, kudziyang'anira nkhope pagalasi, kenako n'kupereka moni kwa mwini wake ali chiimire, thupi litaloza kale kwawo.

Kwa ine, kubwera kwa amalume kunasintha chinthu chimodzi chachikulu. Mwamuna pakhomo paja ndinali ndekha, ndiye chiyambire kukula ndinkadya ndekha pakhonde, galu akundiwerengera nthongo. Tsopano m'mbale munali manja awiri. Munthu wamkulu ankandifunsa maganizo anga, n'kudikira ndithu kuti ndiyankhe. Ankanditcha mphwanga, ndipo akasangalala ankati injiniya.

Tsiku lina ndikumangirira mbuzi kuseri kwa nkhokwe ndinawamva akuuza amayi.

"Mlongo wanga, munda palibe, koma galimoto ilipo. Zikwati zayandikira, misonkhano ya zipani ndi iyi ili mbwee. Ikamalira bwino anthu aziibwereka, ine ndipeza pogwira, ndimanga kanyumba apo pachulu. Zikakanika ndibwerera mvula isanagwe. Chigafachi mwini wake ndi fodya."

Amayi anayankha zina zomwe sindinazimve. Ine ndinatola chimodzi chokha n'kuchisunga ngati dzira: sipikala ikalira bwino, amalume sachoka.

Tsono vuto linali lakuti sinkalira bwino. Amalume anali ndi kaseti ya rumba yakunja komwe anachokerako, yomwe ankaibweza ndi bolopeni posunga batire. Timasipikala ta m'zitseko tinkayesetsa ndithu, magitala ang'onoang'ono ankamveka mwaukhondo. Koma wa bezi akangolowa, kumbuyo kuja kunkayamba phokoso lomwe sindingalilembe bwino m'buku loti ana awerenge. Tingoti linali ngati la munthu amene wadya nyemba zosapsa ndiye wakhala kutsogolo m'tchalitchi. Amalume ankagwira mutu.

"Enawa amangolankhula, mphwanga. Woyendetsa nyimbo ndi wa bezi. Tamumva akutsokomola!"

Ntchito yanga yoyamba inali kulowa m'buti. Amalume ankatseka, ine n'kugona chagada mumdima, fungo la petulo ndi mphira lili tho m'mphuno, chimaginito chija chili pamwamba pa mphumi. Akayatsa nyimbo ndinkayendetsa chikhatho pazitsulo, apa, apo, mpaka nditapeza pomwe ndikadinikiza phokoso lileka. Ndiye ndinkakuwa kuti apa! Iwo kunjako ankamwaza timbewu ta chimanga pakathabwa kaja. Pomwe timbewu tavina kwambiri ndi pomwe pali matenda. Tinadula chubu chakale cha njinga timizeremizere n'kupanikiza paliponse pomwe chitsulo chinkapsompsona chinzake. Tinamanga mabawuti onse, ena anali atatsala pang'ono kugwa. Nambala ya kumbuyo nayo inkaimba nawo, tinaiika mphira kunsi. M'mipata ikuluikulu tinafwatikamo zidutswa za chiguduli. Kutsokomola kuja kunatha, koma bezi inatsala yopyapyala, yamanyazi, ngati mkamwini wofika dzulo.

Apa m'pomwe injiniya anabweretsa nzeru zakwawo. Kwathu kuno ndi kwa ng'oma, ndipo mwana aliyense anaonapo akuluakulu akumata phula pakati pa chikopa kuti ng'oma ilire mawu aakulu. Ndinati nanga sipikalayi si ng'oma yomweyo, kungoti yakuda? Ndikuganiza tsopano kuti amalume ankadziwa ndithu kuti n'zopusa, koma anali atakhala kunja zaka zambiri moti chilichonse chakwathu ankachipatsa ulemu.

"Tiyese zakwathu," anatero.

Ndinakapempha phula kwa mkulu wina wofula njuchi kutsidya kwa dambo, tinaliumba ngati kachitumbuwa n'kulimata pakatikati. Sipikala inayamba kung'ung'udza ngati munthu wolankhula ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Dzuwa litafika paliwombo phula linayamba kuyenderera, ndipo njuchi zinabwera kudzafunsa katundu wawo. Tinatha masana onse tikupala ndi supuni, pang'onopang'ono, kuopa kuboola. Ine posafuna kugonja ndinati mwina tinalakwitsa poyambira, ng'oma amayamba aiwamba pamoto.

"Mphwanga," anatero amalume akupukuta supuni, "ukadzakula usadzagwire ntchito kuchipatala."

Masiku amenewo sukulu inkandiona mwa apo ndi apo. Tsono aphunzitsi athu anabwera okha kudzafufuza ngati ndinamwalira. Anali munthu wamfupi wochokera kumpoto, nayenso mlendo kwathu kuno, wokhala yekha m'kanyumba ka kuseri kwa sukulu. Anandipeza miyendo yokha ikuonekera m'buti. Ndinayembekeza khutu langa kukokedwa, koma iwo anachita chinthu chomwe mwamuna aliyense wa m'mudzi mwathu anali asanachite. Anakhala pansi, pamphasa ya amalume, n'kulandira madzi akumwa.

Atamvetsera nyimbo ija anasuzumira m'buti, n'kutulukamo akugwedeza mutu. Anati sipikala ikamakankha mphepo kutsogolo imakhala ikukoka ina kumbuyo, ndipo mphepo ziwirizi zikakumana zimathetsana mphamvu. Kathabwa kaja kanali ndi mabowo ambiri, mphepo zinkangodutsana ngati anthu pamsika. Mankhwala ake n'kuitsekera kumbuyo, ikhale ndi kachipinda kakekake kosatuluka mpweya.

"Bokosi, akulu. Pezani matabwa. Ndipo uyu mawa ndimuone m'kalasi, mutu wake ukufunikanso kutsekera, zonse zimangotulukira kumbuyo."

Matabwa tinalibe. Amayi, omwe ankamva zonsezi ali patali akusenda nandolo, analankhula osadzutsa mutu. Anati kwawo kwa anzawo ena anaonako wailesi yomwe sipikala yake anaikhazika pakamwa pa mtsuko, ndipo inkamveka mpaka kuchitsime. Kenako analowa m'nyumba n'kutulutsa mtsuko wa agogo, womwe kale ankaikamo thobwa la dima, anthu akabwera kudzathandiza kulima. Chichokereni amalume, dima linali lisanachitikenso pakhomo pathu, ndiye mtsukowo unkangosunga akangaude. Anautsuka, anaugogoda ndi chala kuti timve kuti ulibe mng'alu, n'kuupereka ndi manja awiri.

Tinaulowetsa m'buti mwaulemu ngati wodwala. Pansi tinaika nkhata ya chiguduli, tinaukweza ndi timiyala taphanthiphanthi mpaka kamwa lake litameza chimaginito chija n'kukhudza thabwa. M'mphepete tinazunguliza chubu, n'kumata ndi phula lija linatichititsa manyazi, lomwe tsopano linapeza ntchito yoyenera. Amalume anakhala kutsogolo, anandiyang'ana, n'kukankha kaseti.

Abale anga, ndamvapo zimasipikala za m'mabala ndi za m'misonkhano, zina zazitali kuposa ine. Palibe inandigwirapo ngati mtsuko uja. Bezi sinalowere kukhutu ayi, inalowera m'chifuwa, n'kutsikira m'mimba, n'kukagwedeza maondo. Fumbi la fodya linayamba kusesereka kuchokera kumikangala ngati mvula yowaza. Nkhuku yomwe inkaikira pakona inasiya dzira n'kuthawa. Galu anauwa buti. Nditasuzumira panja ndinaona amayi kuseri kwa nkhokwe, poganiza kuti palibe akuwaona, akuponya mapazi kawiri katatu, chitenje atachigwira m'chiuno. Ndinali ndisanawaonepo akuvina chibadwire.

Madzulo a tsiku lomwelo ana onse a m'mudzi anali pachigafa. Omwe aja ankandiika pagolo anayamba kunditchula dzina langa lenileni, ena mpaka kundibweretsera nzimbe kuti ndiwalole kuika dzanja pagalimoto amve kunjenjemera. Ndinawalola, koma mosankha, poti nanenso ndine munthu. Akuluakulu ankaima kunjira, manja kumbuyo, mitu ikugwedezeka yokha mosafuna. Amalume ankawakodola kuti fikani, mphasa ilipo. Iwo ankayankha kuti tikumva konkuno.

Koma mtsuko ndi mtsuko. Misewu yakwathu mukuidziwa, miyala ndi ngalande, galimoto imayenda ngati ikuvina chimtali. Mtsuko uja sukanafika ngakhale pachitsime uli wamoyo. Amalume anazindikira zimenezi tsiku lachiwiri, anaseka mpaka kukhosomola.

"Injiniya, tapanga wailesi ya matayala. Ikalira siyenda, ikayenda silira."

Iwo ankaona vuto. Ine ndinaona chisomo. Galimoto yosayenda singapite kumalire. Batire likatha ndinkalimanga pakaliyala ya njinga n'kukalitchajitsa kusitolo ya kumsika, ulendo wa zitunda zokhazokha, wobwerako malaya atabooka ndi madzi a batire, koma sindinadandaulepo. Ndinkabwerera ndikuimba. M'mawa uliwonse ndisanamasule mbuzi ndinkatsegula buti kuona ngati mtsuko wagona bwino. Mapemphero anga masiku amenewo anali aafupi, ndipo mtsuko unkatchulidwa patsogolo pa amayi. Mulungu anandikhululukira, ndikhulupirira, poti amadziwa ana.

Amenewo ndiwo anali masabata okoma. Mitengo ya tsamba inaphuka masamba ofiira m'mapiri, moto wolusa unkayenda m'zitunda, utsi uli tolo. Ine ndi amalume tinkakhala m'chigafa masana onse, zitseko za galimoto zili pululu, iwo akundiuza za migodi, za sitima yapamtunda, za tauni yomwe magetsi ake sazima. Za mkazi kapena ana kumeneko sankanena, ndipo ine sindinkafunsa, kuopa kuwakumbutsa. Nthawi zina ankasiya nkhani pakati n'kuyang'ana kunjira, munthu akamadutsa. Munthuyo akapitirira, ankafunsa kuti paja ndinalekezera pati.

Kenako kunabwera anthu a ukwati. Anali amuna awiri a mudzi wa kutsidya, atavala majekete ngakhale kunkatentha. Ananjuta pakhomo pa chigafa, n'kunena kuti mwana wawo akukwatira ndipo amva mbiri ya galimoto yolira ngati bingu. Ndinaona nkhope ya amalume ikuwala. Anatuma ine kukatenga mipando kwa amayi, anavala chipewa, anachivulanso. Anawauza kuti asadere nkhawa za mtsuko, apanga bokosi la matabwa loti liyende msewu uliwonse, ndipo akwati adzafika kutchalitchi mudzi wonse ukudziwa.

Wamkulu wa awiriwo anakhosomola, n'kuyamba kujambula pansi ndi kamtengo.

"Zikomo, akulu. Kungoti woyendetsa tili naye kale. Mwana wathu wina amayendetsa lole ku Lilongwe, adzabwera."

"Galimotoyi ndimayendetsa ndine."

"Ee, n'zoona. Kungoti akuchikazi ena ndi anthu akale, mukudziwa inu. Nkhani zija sanaziiwale. Ndiye palinso za maliro a makolo zija, anthu amalankhula. Ife tilibe nanu chifukwa, koma patsiku la chisangalalo sitifuna wina akane kukwera. Inu mukhoza kudzapuma tsiku limenelo."

Kuseri mbuzi inkangobzikula. Kenako amalume anaseka, kuseka kwabwinobwino kwa mano onse.

"Pepani, abale anga. Galimotoyi ndi yamwano, imamva dzanja limodzi."

Anawaperekeza mpaka kunjira monga mwa mwambo, akucheza nawo za kutentha ndi za mitengo ya feteleza. Ine m'mutu mwanga munatsala mawu amodzi okha, akuti ukwati. Ndinati awa apita koma abwera ena, mbiri yafika kale kutsidya. Ndipo pomwe amalume anabwerako n'kunena kuti mawa tiyamba bokosi, ndinatsimikiza kuti nawonso akuganiza chimodzimodzi.

Matabwa tinachotsa kuchitseko chakale cha khola. Aphunzitsi anabwereka sowo kusukulu, n'kukhala nafe Loweruka lonse atapinda malaya, akuyeza ndi rula ya m'kalasi yomwe ine ndinkaidziwa bwino ndi mbali ina ya thupi. Amalume ankakhoma mosafulumira, msomali uliwonse atauwongola kaye pamwala. M'ming'alu monse tinamata phula losakaniza ndi utuchi, ndipo ankanditumiza kuyang'ana mkati iwo atalozetsa bokosi kudzuwa. Pakaoneka kuwala ngakhale kochepa ngati diso la singano, tinkamatanso. Bokosi linatuluka laling'ono kuposa mimba ya mtsuko, poti malo m'buti anali omwewo. Aphunzitsi anati tiikemo thonje, limanyenga sipikala kuti iziyesa ili m'chipinda chachikulu. Amayi anatumbula pilo wawo, yekhayo yemwe analipo m'nyumba. Ine ndinayamba kufwatika ndi mphamvu zanga zonse.

"Usadinde ngati fodya m'belo, mphwanga. Limasule, thonje lipume."

Tsiku lochotsa mtsuko ndinakangana ndi amalume koyamba. Ndinati mtsuko umalira bwino kuposa bokosi lililonse, ndinati matabwa a khola adzanunkhitsa akwati, ndinati tidikire kaye. Amalume anapala phula m'mphepete mwakachetechete, anautulutsa atawukumbatira, n'kukauika pakhonde pa amayi.

"Mtsuko ndi wa pakhomo," anatero, osandiyang'ana.

Kunena zoona bokosi linalira bwino. Silinali ndi kubuula kuja kwa mtsuko, koma bezi yake inali yolimba, yodula bwino, yosachedwa kumbuyo kwa nyimbo. Tinalimanga ndi mabawuti ndi mphira kuti lisasunthe. Kenako tinakaliyesa pamsewu. Injini inakana kudzuka itagona nthawi yaitali chonchija, ndiye tinakankha, ine ndi amayi ndi aphunzitsi, anthu a m'mudzi akuonerera m'makonde mwawo. Itafika potsetsereka inakhosomola n'kulira, ine n'kudumphiramo kutsogolo, koyamba m'moyo wanga.

Tinalowera cha ku Ntchisi, kumene msewu umakwera mpaka makutu kutsekeka. Tinagunda miyala, tinadumpha ngalande, bokosi lili phee, bezi ikungoyenda nafe. Kumanzere nkhalango yakuda ya paphiri, kumanja zigwa mpaka kosaoneka, minda yotentha itasosedwa kudikira mvula. Azimayi osenza nkhuni ankapatuka n'kutembenuka ndi mitolo yawo yomwe. Ine ndinatulutsa chigongono pawindo kuti dziko lindione.

Pobwerera, titayandikira msitu wa manda a kwathu, amalume anazimitsa nyimbo n'kuimika galimoto, injini ikulirabe. Kumanda kwathu munthu salowako yekha popanda eni mudzi kumutsegulira njira, ndipo iwo anali atapempha kangapo, yankho lake lomwe lija la munda. Anatsika, anavula chipewa, n'kuima m'mphepete mwa msewu kuyang'ana mitengo. Anaima nthawi yaitali. Nyenje zinkalira mogonthetsa m'khutu. Ine m'galimoto ndinkangoganiza za petulo akupita pachabe, ndipo ndinatsala pang'ono kuliza hutala. Mwa zinthu zonse zomwe ndinalephera kuchita m'moyo uno, chimenecho ndimathokoza.

Masiku otsatira kunayamba kutentha kwa mvula. Mitambo inkaunjikana kumadzulo masana n'kubalalika. Nazale ya fodya ya amayi kudimba inabiriwira, ndipo iwo anayamba kuyang'ana denga la chigafa, kuwerengera udzu wofunika. A ukwati ena sanabwere. A zipani anadutsa ndi malole awo okhala ndi zimkuzamawu zawozawo, sanatiyang'ane n'komwe. Ine sindinade nkhawa. Pangano linali lakuti sipikala ilire bwino, ndipo inkalira bwino. Mbali yanga ndinali nditakwaniritsa.

Tsiku lina masana amayi anandituma kugwira tambala wofiira, yemwe ankamusungira Khirisimasi. Ndinamuthamangitsa mosangalala, ndikuti ndi nkhuku ya bokosi, injiniya akulandira malipiro ake. Aphunzitsi anaitanidwa, anabwera atavala tayi. Anthu akuluakulu atatu aja ankadya mosalankhula kwenikweni, ine ndekha ndi amene ndinkalongolola za msewu wa ku Ntchisi. Nthutumba amayi anaiika mbali ya amalume. Iwo anaiyang'ana, n'kuikankhira kwa ine ndi chala. Ndinaimeza msanga asanasinthe maganizo. Mwana wa m'mudzi ngati ine, wodziwa bwino lomwe kuti nkhuku saphera munthu wa pakhomo, sindinafunse kanthu. Msuzi unali wokoma kwambiri.

M'mawa mwake ndinapeza galimoto ili kale panja pa chigafa, yopukutidwa, italoza kunjira. Amalume anali atavala jekete.

"Injiniya, lero mayeso omaliza. Ukuona mwala uwo pamwamba pa chitunda? Kakwere pamenepo. Ine ndiyendetsa kulowera ku Mponela, nyimbo ili pamwamba. Iwe umvetsere bwino, udziwe pomwe bezi ikalekere kumveka. Usatsike isanazime, wamva? Ndikufuna yankho lenileni, osati zongopeka."

"Nanga wokankha?"

"Amayi ako alipo. Thamanga, dzuwa lingakwere."

Anandigwira pamutu, dzanja linakhalitsa pang'ono, kenako anandikankha kuti ndizipita. Ndinathamanga osacheuka, poti ntchito inali yaikulu ndipo anaipereka kwa ine.

Pamwala paja dziko lonse linkaoneka. Ndinaona kagalimoto kakutsetsereka, amayi ali kumbuyo kwake ngati kanyerere, kenako atsala okha pakati pa njira. Nyimbo inakwera mpaka kwa ine yonse yathunthu. Galimoto itafika kudambo mawu a oimba anazima. Itawoloka kamlatho magitala aang'ono anazima nawonso. Inatsala bezi yokha, du, du, du, ikuyenda pansi pa nthaka ngati mtima wa phiri. Inadutsa mabulugamu a kusukulu ikumvekabe. Fumbi linakhota kuseri kwa phiri, galimoto sinaonekenso, koma ine ndinkaimvabe, kapena mwala ndi womwe unkaimva n'kundiuza m'mapazi. Ndinatseka maso, ndinasiya kupuma. Sindikudziwa pomwe inalekera penipeni, chifukwa mtima wanga unapitiriza kuimba nthawi yaitali iyo itapita.

Ndinatsika chothamanga, minga ikundikala, ndikukuwa ndisanafike n'komwe.

"Amayi! Yamveka mpaka kuseri kwa phiri! Kuseri kwenikweni!"

Ndinawapeza m'chigafa akusesa. Mphasa inali itapindidwa kale n'kuimikidwa pakona. Sanatembenuke.

"Wagwira ntchito, mwanawe," anatero, tsache likuyendabe.

Ndinadabwa kuti nkhani yaikulu chonchi akuilandira ngati ndawauza kuti mbuzi zamwa madzi. Ndinati akazi za bezi sazidziwa, mwini wake ndiye adzamvetsa. Ndinapita kukakhala pamphambano pomwe njira yathu imakumana ndi msewu, kuti ndikhale woyamba kuwauza. Dzuwa linakwera, linafika pamutu, linayamba kupendeka. Mbuzi zinkalira m'khola momwe ndinaziiwala. Ine ndili pomwepo, ndikubwereza yankho langa chamumtima kuti lisandithawe: kuseri kwa phiri, amalume, kuseri kwenikweni. Ndinali ndisanadziwe kuti munthu wamkulu amatha kukupatsa ntchito pongofuna kuti usamuone nkhope.